Machiko Hasegawa: Mai Amene Anaseketsa Dziko Losweka

Lero tikambe za mai wina wa ku Japan amene anatchuka chifukwa cholemba nthano ndi zithunzi. Dzina lao ndi Machiko Hasegawa.

Mai ameneŵa anabadwa m'chaka cha 1920. Atate ao atamwalira, banja linasamukira ku Tokyo mu 1934, ndipo kumeneko mtsikanayo, ali ndi zaka 14, anayamba kuphunzira kujambula kwa katswiri wina, Suiho Tagawa. Masiku amenewo ntchitoyi inali ya amuna.

Nkhondo yaikulu yachiŵiri inatha mu 1945, Japan atagonja. Mizinda yambiri inali phulusa, chakudya chinali chosoŵa, ndipo anthu ankaima pamizere kudikira mpunga. Pa nthaŵiyo banjali linali ku Fukuoka. Mu April 1946 nyuzipepala ya kumeneko inayamba kusindikiza nthano ya a Hasegawa yotchedwa Sazae-san. Nthano ya tsiku lililonse inali ya zithunzi zinai zokha: choyamba kuyala nkhani, chachiŵiri kuipitiriza, chachitatu kuitembenuza, chomaliza kuseketsa.

Nthanoyi sinali ya mafumu kapena asilikali ai. Inali ya Sazae, mkazi wansangala ndi wosaopa kulankhula, amene atakwatiwa ankakhala m'nyumba imodzi ndi makolo ake, mwamuna wake, mwana wake ndi ang'ono ake aŵiri. Oŵerenga anadziona okha m'zithunzizo, naseka mavuto ao.

Amai ao anagulitsa nyumba ya ku Fukuoka kuti asindikize nthanozo m'buku. Buku loyamba silinayende malonda, pakuti ogulitsa sanakonde kukula kwake, ndipo mabuku obwezedwa anadzaza m'nyumba. Amaiwo sanataye mtima. Anakongola ndalama nasindikiza lachiŵiri locheperapo, ndipo anthu analikonda. Kuyambira 1949 nthanoyi inkatuluka mu Asahi Shimbun, nyuzipepala yaikulu, kufikira 1974, ndipo mabuku ake anakwana 68. Mu 1969 inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema. A Hasegawa anamwalira mu 1992, ndipo chaka chomwecho boma linaŵapatsa ulemu waukulu wa dziko.

Tsono inu a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, kodi nyumba yodzaza abale simuidziŵa? Mzere wa pampopi simuudziŵa? Nanga amai ogulitsa tomato pamsika, kapena madzi osefukira m'makwalala nthaŵi ya dzinja? Zonsezi ndi nthano, koma ngati palibe wozilemba zidzaiŵalika.

Aphunzitsi, musafulumire kukalipira mwana wojambula kumbuyo kwa kope lake. Muuzeni apinde pepala panai, ajambule chinthu chimodzi chimene chinachitika kwao dzulo, ndipo alembe mau a m'zithunzizo m'chilankhulo chake. Potero adzaphunzira kuyala nkhani mwadongosolo, ndiponso kulemba. Pepala likasoŵa, khala ndi katoni zikwanira. Tsalani bwino.