Thomas Maclear, Mwini Dzina la pa Nyanja Yathu

Tikatsika mapiri a Mvera kumka kum'mawa tifika ku nyanja. Kumwera kwace kwa nyanjayo kuli phiri lolowa m'madzi, pamene pali mudzi wa Chembe. Pa mapu malowa alembedwa Cape Maclear. Ambiri ayesa kuti Maclear anali mmishoni kapena bwana wa boma. Iai, anali munthu woyesa nyenyezi, ndipo nyanja yathuyi sanaione ndi maso ace.

Thomas Maclear anabadwa ku Ireland m'caka ca 1794. Anaphunzira za mankhwala, nakhala dotolo ku Biggleswade m'dziko la England. Usana anali kuciza odwala, usiku anali kupenya kumwamba ndi galasi loonera kutali. M'caka ca 1833 anamsankha kuti akayang'anire nyumba yopenyeramo nyenyezi ku Cape Town. Anafikako mu 1834, nagwira nchitoyo kufikira 1870.

Kumeneko anapeza mlandu wakale. Mu 1752 Mfalansa wina dzina lace Lacaille anayesa cigawo ca dziko kucokera ku Cape Town kumka kumpoto, kuti adziwe maumbidwe a dziko lapansi. Masamu ace anaonetsa ngati mbali ya kumwera siilingana ndi ya kumpoto, monga mphonda. Anzeru anabvutika nazo. Maclear anayesanso njira yomweyo kuyambira 1841 kufikira 1848, kugona m'mapiri pa mphepo ndi mvula, ndipo kunaoneka kuti Lacaille ananyengedwa ndi mapiri. Nanga phiri linyenga bwanji munthu? Mudziwa cingwe cija ca mmisiri womanga nyumba, cokhala ndi citsulo kunsonga, cimene cimuuza ngati khoma laongoka. Oyesa nyenyezi anadalira cingwe cotero. Koma phiri lalikuru, cifukwa ca kulemera kwace, limakoka citsuloco pang'ono ndithu, kotero kuti diso silingaone. Kupendekeka kwakung'onoko ndiko kunasokoneza masamu onse. Zaka zisanu ndi ziwiri kulondola colakwa cocepa cotere! Ine ndiyesa kuti iyi ndiyo nchito yace yoposa zonse, ngakhale siimveka kwa anthu.

Tsopano tifike kwathu. Mu 1852 David Livingstone anali ku Cape Town, ndipo Maclear anamphunzitsa bwino kupeza malo ndi nyenyezi. Munthu akayesa msinkhu wa nyenyezi yodziwika pamwamba pa malekezero a thambo, adziwa utali umene wayenda kumpoto kapena kumwera. Za kum'mawa ndi kumadzulo nzobvuta koposa, pakuti zifuna mwezi, wochi yabwino ndi masamu ambiri. Cotero Livingstone anali kulemba zimene anayesa usiku pa maulendo ace, nazitumiza m'makalata ku Cape Town. Maclear ndi omthandiza ace anawerengera zonsezo, ndipo mitsinje ndi midzi inalembedwa pa mapu pa malo ace eni eni.

Mu 1861 Livingstone, poyenda pa nyanja yathu m'bwato, anazungulira phiri lija nalicha dzina la bwenzi lace. Pomwepo mpamene a Mishoni ya Livingstonia anayamba kumanga mu 1875, asanasamukire ku Bandawe mu 1881.

Maclear analandira ulemu wa Sir mu 1860. Atakalamba maso ace anacita khungu. Anamwalira pa 14 July 1879, naikidwa pa bwalo la nyumba ya nyenyezi ija ku Cape Town, pafupi ndi manda a mkazi wace.