Chaka Chikafufutika pa Khobidi, Funsani Mbiri

Ndalama yachitsulo imayamba kuperepeseka pamalo otukuka: tsitsi la mfumu, tsaya lake, ndi manambala a chaka. Makobidi amene ankayenda m'misika ya Nyasaland anadutsa m'manja mwa anthu osawerengeka, ena anamangidwa pamfundo ya nsalu, ena anakwiriridwa m'nthaka, moti lero ambiri chaka chawo sichioneka. Komabe pa intaneti amagulitsidwa ndi chaka cholembedwa motsimikiza, ngati kuti wogulitsayo wachiwerenga ndi maso ake. Ine ndikuti chaka chikafufutika, yankho loona si nambala yongopeka ayi, koma nyengo imene mbiri ikulola, ndipo nyengoyo ndalama imaiulula yokha kwa munthu wodziwa zimene zinachitika m'dziko lino.

Tiyambe ndi mawu ozungulira mutu wa mfumu, amene kawirikawiri amatsalako ngakhale manambala atatha. Ndalama za Southern Rhodesia, zimene zinkagwiranso ntchito ku Nyasaland, zinayamba kusulidwa mu 1932, pa nthawi ya George V, yemwe anamwalira mu 1936. Za George VI zinayamba mu 1937 ndipo zinkamutchula kuti KING EMPEROR chifukwa ankalamuliranso India. Dziko la India litalandira ufulu mu 1947, ulemu umenewo unachotsedwa, ndipo kuyambira mu 1948 analemba kuti KING GEORGE THE SIXTH mpaka mu 1952. Zilembo zitatu zokha zotsala, monga EMP, zikukwanira kugawa ulamuliro wa mfumuyi pawiri. Chitsulo nachonso ndi mboni. Khobidi lobowola pakati linali loyererako kuyambira mu 1934, koma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu 1942, linasanduka lofiirira. Siliva anasiya kumuika mu sheleni mu 1947. Choncho wotsatsa sheleni ya KING GEORGE THE SIXTH n'kumati ndi yasiliva walakwitsa, ndipo palibe chifukwa choyembekezera kuti chaka chioneke kuti timutsutse.

Zithunzi zimapitiriza pamene mawu alekezera. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953, koma ndalama zake zinatuluka mu 1955. Khobidi lake lobowola lili ndi njovu ziwiri, theka la khobidi lili ndi akadyamsonga awiri, ndipo ndalama ya masheleni awiri ili ndi nkhwazi. Wolemba 1953 pa khobidi la njovu wangotenga chaka cha m'buku la sukulu n'kuchimata pandalama. Mutu wa Kamuzu Banda sungapezeke pandalama isanafike 1964, ndipo mawu akuti TAMBALA ndi a mu 1971 kupita m'tsogolo, pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, kwacha imodzi n'kufanana ndi masheleni 10. Apa m'pamene ambiri amapunthwa, pakuti zithunzi zina zinasungidwa: chimanga cha pa sheleni ya 1964 chinabwereranso pa 10 tambala, ndipo njovu za pa masheleni awiri zinapita pa 20 tambala. Ndalama ya chimanga ikatha, wofulumira amaitcha ya 1964, chaka cha ufulu, chifukwa chaka chimenecho chimakopa ogula. Woleza mtima amaipendeka pakuwala kochokera m'mbali, n'kuyang'ana ngati mthunzi ukuonetsa zilembo za SHILLING kapena za TAMBALA.

Wina anganene kuti zonsezi n'kuzungulira, bwanji osangoikwecha ndalamayo kuti manambala atuluke. Koma chimene chinafufuta chaka si litsiro, ndi kutha kwa chitsulo chenichenicho. Mchenga kapena phulusa zimangochotsa pang'ono pomwe panatsala, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale amatsitsa mtengo wa ndalama yokwechedwa. Winanso angati nyengo ya zaka zisanu kapena khumi si yankho, wogula amafuna chaka chimodzi. N'zoona kuti m'gulu limodzi muli zaka zosowa ndi zaka zofala, ndipo mtengo umasiyana. Koma mfundo imeneyi ikuikira kumbuyo kusamala: ngati kusiyana kwa mtengo kwagona pa nambala yomaliza, ndipo nambalayo ingakhale 3 kapena 8, wolipira mtengo wa chaka chosowa akugula chiyembekezo cha wogulitsa, osati ndalama.

Palinso amene amati ogulitsa ambiri sanama dala, amangokopera zimene anzawo analemba. Ndikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake vutoli limakula: cholakwa chimodzi chikakoperedwa kangapo chimayamba kuoneka ngati umboni. Mankhwala ake ndi osavuta. Wogula apemphe zithunzi za mbali zonse ziwiri za ndalama yeniyeniyo, afunse kulemera ndi kukula kwake, ndipo afanizire mutu, mawu, chitsulo ndi chithunzi. Zinayi zikagwirizana ndi chaka chonenedwacho, chakacho n'chotheka. Chimodzi chikatsutsa, chakacho n'chabodza. Wogulitsa wolemba kuti khobidi lake la njovu ndi la pakati pa 1955 ndi 1963 koma chaka sichikuwerengeka wanena zochepa, koma zonse wanenazo zingatsimikizidwe, ndipo ameneyo ndiye woyenera kumukhulupirira.