Chionetsero cha Sayansi cha Ana a Sukulu ku Dublin

Chionetsero cha sayansi cha ana a sukulu, chimene eni ake amachitcha Young Scientist and Technology Exhibition, ndicho msonkhano umene umachitika chaka ndi chaka m'mwezi wa Januwale mumzinda wa Dublin, likulu la dziko la Ireland, kumene anyamata ndi atsikana a sukulu za sekondale, a zaka zoyambira 12 kulekeza 19, ochokera kumwera ndi kumpoto komwe kwa chilumba cha Ireland, amadza ndi zimene afufuza okha kuti adzazionetse pamaso pa akatswiri ndi pa khamu la anthu. Kutchuka kwake pa nkhani ya kaphunzitsidwe kwagona pa mfundo imodzi, yakuti mwana adziwa sayansi pamene afunsa funso lake ndi kuliyesa ndi manja ake, osati pamene aloweza mayankho a m'buku.

Chiyambi chake

M'chaka cha 1963 akatswiri awiri a fizikisi a ku University College Dublin, ndiwo Bambo Tom Burke, wansembe wa chipani cha Akarmeli, ndi Tony Scott, ali pa ntchito yofufuza ku New Mexico m'dziko la America, anaona m'mene ana a sukulu a kumeneko ankaonetsera ntchito zawo za sayansi poyera. Ndipo pobwerera kwawo anatsimikiza mtima kuti ana a ku Ireland nawonso asamanidwe mwayi wotere. Chionetsero choyamba chinachitika mu 1965 ku Mansion House, nyumba ya mfumu ya mzinda wa Dublin, ndipo amene anapambana ndi John Monahan wa ku Newbridge College, yemwe analumikiza mabotolo ndi timapaipi posonyeza m'mene chakudya chimagayikira m'mimba mwa munthu. Popeza anthu anachuluka koposa malo, chaka chotsatira chionetserocho chinasamukira ku mabwalo a Royal Dublin Society ku Ballsbridge, kumene chikuchitikirabe. Kwa zaka zambiri ndalama zoyendetsera zinkachokera ku kampani ya ndege ya Aer Lingus, pambuyo pake ku kampani ya matelefoni ya BT, ndipo kuyambira 2026 udindowu uli m'manja mwa kampani ya Stripe.

Njira yake yophunzitsira

Ntchito imayambira m'kalasi miyezi ingapo chionetsero chisanafike. Mwana, kaya ali yekha kaya m'gulu losapitirira anthu atatu, amalemba mwachidule funso limene afuna kuliyankha ndi njira imene adzatsate. Mwa zikwi za mapempho otere oyendetsa chionetsero amasankhapo ntchito pafupifupi 550 zokha. Wosankhidwayo ayenera kusunga buku la tsiku ndi tsiku, m'mene amalemba zonse zimene wayesa, zotheka ndi zolephereka zomwe, ayeneranso kulemba lipoti lathunthu ndi kukonza chikwangwani chofotokoza zotsatira zake. Ndipo pa masiku a chionetsero oweruza osiyanasiyana amafika pamalo pake mmodzimmodzi, namufunsa chifukwa chimene anayesera motero, kangati, ndiponso chimene chikanasintha akanatsata njira ina. Mphunzitsi pamenepa sakhala mwini yankho ayi, koma mlangizi wothandiza mwana kuchepetsa funso lalikulu kuti likwanire kuyesedwa, ndi kumukumbutsa kuti posintha chinthu chimodzi asiye zina zonse monga zinalili. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale, ndipo kudekha kumeneku ndiko buku la tsiku ndi tsiku limaphunzitsa.

Ntchito ziwiri zionetsa bwino mzimu wake. Mu 2010 Richard O'Shea wa ku Blarney anapambana ndi mbaula yopangidwa ndi zitini zotayidwa, yotentha bwino ndi nkhuni zochepa ndi utsi wochepa, imene anaikonzera mabanja a m'maiko osauka kumene amayi amaphika pa mafuwa. Mu 2013 atsikana atatu a ku Kinsale, Ciara Judge, Emer Hickey ndi Sophie Healy-Thow, atachita chidwi ndi timatuza ta pa mizu ya nsawawa, tonga timene mlimi aliyense amaona akazula mtedza kapena soya, anatenga tizilombo tokhala m'timatuzamo natiyesa pa mbewu za barele ndi zina zotere, napeza kuti mbewuzo zimamera msanga. Ndipo mu 2014 ntchito yomweyo inapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa Google Science Fair.

Njira yotereyi inalowanso m'silabasi ya boma la Ireland. Silabasi ya sayansi ya m'zaka zitatu zoyamba za sekondale, imene inayamba mu 2016, inafuna kuti wophunzira aliyense achite kafukufuku wakewake woyesa ndi zipangizo m'chaka chachiwiri, ndi kafukufuku wina wa nkhani ya sayansi yokhudza moyo wa anthu m'chaka chachitatu, ndipo zonsezi aphunzitsi amaziyesa m'kalasi momwemo.

Zipangizo zamakono

Makompyuta sanachotse botolo ndi sikelo m'chipinda cha sayansi, koma anawonjezera mphamvu ya kuyeza ndi kuwerengera. Tizipangizo toyezera kutentha, kuwala kapena asidi, tikalumikizidwa ku kompyuta, timalemba manambala usana ndi usiku mwana ali m'tulo, ndipo m'mawa iye amawasandutsa girafu. Timakompyuta tating'ono monga micro:bit timalola ophunzira kudzipangira okha zoyezera. Ndipo mapulogalamu oyerekezera a PhET, amene Carl Wieman anayambitsa ku University of Colorado mu 2002, amaonetsa kuyenda kwa magetsi ndi kwa maatomu kumene diso silingathe kuona. Boma la Ireland lili ndi tsamba la pa intaneti la Scoilnet, losungiramo zothandizira aphunzitsi, ndipo mu 2018 linayambitsa phunziro la sayansi ya makompyuta pa mayeso otsiriza a sekondale, poyamba m'sukulu 40. Patrick Collison, amene anapambana chionetserochi mu 2005 ali ndi zaka 16 chifukwa cha chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Croma, ndiye amene pambuyo pake anakhazikitsa Stripe pamodzi ndi mng'ono wake John. Pa mliri wa Covid-19, mu 2021 ndi 2022, chionetsero chonse chinachitikira pa intaneti, oweruza akufunsa ana kudzera pa kanema.

Kufalikira kwake ku Africa

Opambana ku Dublin amakaimira dziko lawo pa mpikisano wa achinyamata wa European Union, koma mbewu ya chionetserochi inameranso kum'mawa kwa Africa: mothandizidwa ndi Irish Aid, nthambi ya boma la Ireland yoona za chitukuko cha maiko ena, Tanzania inachititsa chionetsero chake choyamba mu 2012, ndipo Kenya inatsatira mu 2018. Ku Dublin komweko bungwe la Self Help Africa limapereka mphoto yapadera kwa ntchito yothandiza kuthetsa mavuto a alimi ndi mabanja osauka, ndipo wopambanayo amapatsidwa ulendo wa ku Africa kuti akayese nzeru yakeyo pakati pa anthu amene anaikonzera.