Tulo tosadzutsika: mbiri ya matenda a Kleine-Levin

Mu 1925, dokotala wa ku Frankfurt, Willi Kleine, analemba za achinyamata omwe ankagwidwa ndi tulo todabwitsa. Mwana ali bwinobwino, mwadzidzidzi n'kuyamba kugona usana ndi usiku kwa sabata kapena kuposerapo, kenako n'kudzuka ngati palibe chachitika. Pakapita miyezi, tulo tija n'kubweranso. Si kaodzera wathu uja wobwera ndi ntchentche za tsetse ayi, ndipo mpaka lero choyambitsa chake sichinapezeke.

Mu 1936 Max Levin wa ku America anawonjezera kuti odwalawa akatsitsimuka pang'ono amadya mosaneneka. Dzina loti Kleine-Levin linabwera mu 1942 kuchokera kwa Macdonald Critchley ndi mnzake Hoffman. Critchley yemweyu, polemba mu 1962, anati matendawa ndi a anyamata okha. Ine sindidabwa nazo, poti mkuluyu pa nkhondo yachiwiri anali dokotala wa asilikali apamadzi a Britain. Atsikana akanawaonera kuti? Mu 2005 Isabelle Arnulf wa ku Paris ndi anzake ataunika odwala 186 olembedwa m'mabuku azachipatala, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ndi wamkazi.

Koma kumene nkhaniyi imandikoka ndi ku mankhwala. Madokotala akale anaganiza zoti wogona ngofunika kumudzutsa basi, motero anayesa amphetamine, pambuyo pake modafinil. Maso ankatseguka ndithu, koma mutu uli wosokonezekabe. Mwana amangoti zonse akuziona ngati maloto, ndipo ena ankangopsa mtima. Lithium, mankhwala a matenda a maganizo, ndiye anabweretsa chiyembekezo, osati chodzutsa munthu koma chotalikitsa nthawi tulo tisanabwerere. Kafukufuku wa gulu la Arnulf wa 2015 anasonyeza kuti ambiri omwa lithium ankagwidwa mwa apo ndi apo. Vuto lake, amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi chifukwa amatha kuvulaza impso ndi chithokomiro.

Lero malangizo a akatswiri angaoneke ngati ulesi: musiyeni mwana agone pakhomo, muzimuyang'anira, asayendetse galimoto. Akachira apewe mowa ndi kuchezera usiku. Kwa ambiri tuloti timachepa tokha akamayandikira zaka 30, koma pofika apo makalasi angapo amakhala atadutsa iwo ali m'bulangete.