Chitsulo cha ngolo: kuchoka pachipala kufika pa waya wa ZESCO

Ku Katete kuno ntchito ya chitsulo inayamba kale, kulibe malaiti, kulibe msewu wa Great East. Mu 1831, António Gamitto, Mpwitikizi amene anachoka ku Tete kupita kwa Kazembe, anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa, ndipo analemba za anthu osungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu amene ankagulitsidwa mpaka ku Tete komweko. Ng'anjo zinazima makasu a m'sitolo atachuluka ku Fort Jameson, imene lero timati Chipata. Koma chipala sichinazime. Wosula anangosintha kotenga chitsulo: m'malo mokumba miyala, anayamba kutola zidutswa za motoka zakufa.

Amalume anga anali mmodzi mwa osula otere, pamudzi wina wosatalikira ku Mkaika, kwa a Kalonga Gawa Undi. Zida zawo zinali mvukuto wa chikopa cha mbuzi, makala a mtengo wolimba, nyundo, mbaniro, ndi chidutswa cha njanji chosulirapo. Sipiringi ya lole ankaisandutsa nkhwangwa ndi kasemasema. Ine ntchito yanga inali kuvukuta, ndipo ndikafulumiza ankandiletsa. "Pang'onopang'ono, mphwanga, chitsulo chisapse." Ankadziwa kutentha poyang'ana mtundu wa chitsulo, kufiira kwake kapena kuyera kwake, ndipo ankadziwa choviika m'madzi ndi chokwirira m'phulusa kuti chizizire chokha.

Chimene chinawalanda ntchito pang'onopang'ono ndi ngolo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 boma la atsamunda linayamba kulimbikitsa alimi a kuno kulima ndi ng'ombe, ndipo pulawo inabwera pamodzi ndi chikochikale chotutira nshawa ndi chimanga kupita kumsika wa kopaletivu. Goli ndi matabwa anali a mmisiri wa mitengo. Mabauti ndi ngowe wosula ankatha. Koma anthu atayamba kumanga ngolo pa ekiselo yakumbuyo ya Land Rover kapena ya Datsun yakufa, yokhala ndi matayala a mphepo, panafunika munthu wolumikiza chitsulo chokhuthala ndi chinzake popanda kuchiika chonse pamoto. Chipala cha pansi pa mtengo sichikanakwanitsa zimenezo.

Owotcherera oyamba amene ndikuwakumbukira anali amuna obwerera kuchokera kumigodi ya ku Copperbelt ndi ku Southern Rhodesia, ena ophunzira m'magalaji a boma ndi a mishoni. Ambiri ankagwiritsa ntchito kabaidi: miyala yotuwa imene ukaithira madzi imatulutsa mpweya woyaka, wosakaniza ndi okosijeni ya m'botolo. Motowo unali wabwino pa felemu ya njinga, pa rediyeta, pa chitini chobooka. Pa ekiselo unali waulesi. Wofuna moto wa magetsi ankayenera kukokera ngolo yake ku Katete Stores, ku Boma kapena ku Sinda, kumene waya unafika, n'kugona komweko ngati mzere unali wautali. Anzathu a kumapiri a ku Vubwi ulendo wawo unali wa ku Chipata.

Njira yowotcherera ndi rodi yokutidwa ndi yakale kuposa mmene anyamata amaganizira. Oscar Kjellberg wa ku Sweden, amene anayambitsa kampani ya ESAB mu 1904, ndiye anaitulukira pokonza sitima za pamadzi. Kwathu inafika m'maonekedwe ake ake: makina amene amisiri ankapanga okha, waya wa kopa wokulungidwa pa zitsulo za thiransifoma yakale, zonse zomizidwa m'chigubu cha oilo kuti zisatenthe. Makina amenewo ankalira, ankalemera moti amuna awiri ankawanyamula movutika, ndipo mmisiri akagunditsa rodi mababu a nyumba zoyandikana ankaphethira. Komabe ndimawalemekeza. Ankagwira ntchito tsiku lonse, ndipo akapsa mwini wake ankawakulunganso yekha.

Masiku ano m'masitolo mwadzaza timakina ta inveta tochokera ku China, tonyamula ndi dzanja limodzi, tolembedwa 200 A kapena 300 A pambali. Aphunzitsi ndi opuma ntchito akugula kuti azikonzera geti, wilibala ndi mafelemu a mawindo pakhomo. Pa ntchito zimenezo ndi tabwino, ndipo ine ndili nako kanga. Rodi ya 6013 ya 2.5 mm imayaka mosavuta, ngakhale wophunzira amaigwira msanga. Koma manambala a pambaliwo ndimawakhulupirira theka. Ukaika rodi ya 3.2 mm, yofuna moto wopitirira 100 A, kamakina kotchipa kamatentha n'kudzizimitsa kuti kapume, iwe uli pakati pa msoko. Kajenereta kakang'ono koonerera mpira sikangakayendetse. Tinaziona bwino mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti akusowa pafupifupi tsiku lonse: owotcherera ankadzuka pakati pa usiku kuti apezerepo maola ochepa amene ZESCO yawapatsa, ndipo amene anali ndi jenereta yaikulu ya dizilo ndi amene anadya bwino.

Mnzanga wina anandifunsa kuti agule makina ati okonzera ngolo yake. Ndinamuuza kuti bokosi ndi zitsulo za m'mbali akonze yekha, koma ekiselo ndi polumikizira mtanda wokokera apite nazo kwa mmisiri, ndipo asafunse za makina, akhale pansi aone mmene akugwirira ntchito ya munthu wina. Wodziwa amayamba ndi galaindala, kuchotsa dzimbiri ndi kusema mng'aluwo kuti moto ulowe mpaka pansi. Chitsulo chokhuthala amachitenthetsa kaye. Amasankha rodi yolimba ngati 7018, imene amaisunga pouma chifukwa ikamwa chinyezi msoko umadzaza timabowo. Akamaliza mzere amagogoda chikhungwa chonse asanaikepo wina. Wosadziwa amangopaka pamwamba, msoko wonenepa wokongola m'maso, kenako n'kuthirapo madzi kuti mwini ngolo anyamuke msanga. Ngolo yotero imathyokanso pambali penipeni pa msokowo, kawirikawiri potsika dambo itasenza mabelo a thonje. Sipiringi yothyoka mmisiri woona mtima amakana kuiwotcherera. Amati kagule ina, iyi kapatse wosula.

Anyamata ena a kuno amapita ku Chipata Trades kukaphunzira n'kubwera ndi pepala la TEVETA, ndipo amadziwa mayina a zinthu zimene akuluakulu ankangozichita. Ambiri amaphunzirabe poyima pambali pa bwana wawo, kupenta ndi kudula zitsulo chaka chathunthu asanapatsidwe rodi. Chimene chimandiwawa ndi maso awo. Chigoba chodzitetezera kumaso n'chotsika mtengo kuposa rimu ya ngolo, koma uwapeza atavala magalasi a dzuwa, usiku n'kumalira ngati m'maso mwalowa mchenga.

Ntchito imachuluka kuyambira Meyi, zokolola zikayamba kutuluka m'munda, mpaka kumapeto kwa Ogasiti pamene ngolo zimatuta udzu, nkhuni ndi ufa wa alendo obwera ku mwambo wa Kulamba. Wanzeru amakonzetsa yake mu Epulo, mmisiri asanayambe kuthamangira.