Chimene Chinaolotsa Nyanja Akazi Osakwatiwa

Inu aphunzitsi a m'midzi, tiyeni tilingalire za akazi a ku Britain ndi ku Ireland amene anasiya kwao m'zaka za pakati pa 1800 ndi 1900, naoloka nyanja opanda mwamuna wowatsogolera. Chinawachotsa n'chiyani?

Choyamba ndi njala. Kuyambira 1845 mbatatesi zinaola m'minda ya ku Ireland, anthu ambiri nafa, ana amasiye nadzaza nyumba zosungiramo amphawi. Tsono pakati pa 1848 ndi 1850 boma linatengamo atsikana oposa 4,000, niliwatumiza ku Australia kukagwira ntchito zam'nyumba.

Chachiwiri ndi kusowa pogwira. Kalembera wa 1851 anaonetsa kuti ku Britain akazi anaposa amuna ndi pafupifupi 500,000, pakuti anyamata ambiri anali atamuka kuusilikali, kuzombo ndi kumaiko akutali. Mkazi wosakwatiwa ntchito zake zinali kusoka, kutumikira, kapena kuphunzitsa ana a olemera, ndipo malipiro ake anali ochepa ndithu. Koma kutsidya zinali zina: golide atapezeka ku Australia m'chaka chomwecho, amuna anathamangirako, akazi nasowa, kotero kuti maboma a kumeneko analipirira ambiri ulendo.

Chachitatu, anauka akazi anzao owathangata. Mu 1841 Caroline Chisholm anatsegula nyumba ku Sydney yolandiriramo atsikana ofika kumene, kuti asagone m'misewu. Mu 1862 Maria Rye anayambitsa bungwe la Female Middle Class Emigration Society, limene linkakongoza akazi ophunzira ndalama za chombo.

Komatu walira mvula walira matope. Ulendowo unali wa miyezi itatu kapena inayi, ndipo ambiri sanaonenso nkhope za amai ao. Ena ophunzira anapeza kuti ofunidwa ndiwo ophika ndi ochapa, si aphunzitsi ai. Tisaiwalenso kuti nthaka imene anakakhalapo inali yolandidwa kwa eni ake.

Ifenso tidziwa m'mene mudzi unakhalira pamene anyamata anatha kumka kumigodi ya ku Johannesburg, akazi natsala ndi khasu ndi ana. Chifukwa chake, aphunzitsi inu, mtsikana akafika pakhomo pa sukulu musamuyese wongodikira ukwati. Mphunzitseni monga mlongo wake wamwamuna, kuti tsiku la njala likadza, akhale nacho chogwira m'dzanja lake.