Dzina Lidagulidwa, Nanga Luso?

Ambiri a ife tidakwerapo galimoto ya Peugeot 404 kapena 504 m'misewu yafumbi ya kuno kwathu. Koma ndi angati mwa ife amene tidadzifunsapo kuti maonekedwe a galimoto zimenezi adachokera m'manja mwa yani? Yankho lake lili ku mzinda wa Turin m'dziko la Italy, kwa banja la a Farina.

Magalimoto atangoyamba kumene, makampani ambiri ankangopanga injini ndi zitsulo zonyamula mateyala. Thupi la galimoto ankalisiyira amisiri, amene ankasula malata ndi nyundo pa chikombole cha mtengo kufikira litaoneka momwe mwiniwake wafunira. M'chaka cha 1906 a Giovanni Farina adatsegula malo a ntchito yotereyi, ndipo mng'ono wao Battista, wobadwa mu 1893, adaphunzira pomwepo akali mnyamata. Pakhomo ankamutcha Pinin, ndiye kuti kamwana. Paja akulu adati m'mera mpoyamba: mu 1930 kamwana kaja kadatsegula kampani yakeyake.

Njira siidali yosalala ai. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, dziko la Italy lidaletsedwa kuonetsa magalimoto ake pa chionetsero cha ku Paris mu 1946. A Pinin ndi mwana wao Sergio sadagwe mphwayi. Adayendetsa okha magalimoto aŵiri, Alfa Romeo ndi Lancia, mpaka ku Paris, nakawaimika panja pa khomo la chionetserocho, ndipo anthu adaunjikana kudzawaona. Patapita zaka zochepa adayamba kupanga matupi a magalimoto a Ferrari, kenaka a Peugeot adawapempha kuti awajambulire maonekedwe a magalimoto ao. Ndimo mudabadwira 404 mu 1960 ndi 504 mu 1968. Mu 1961 boma lidalola kuti dzina la banjalo likhale Pininfarina.

A Pinin adamwalira mu 1966, ntchito niitsala m'manja mwa a Sergio, pambuyo pake mwa mdzukulu, Andrea. Tsoka ilo, Andrea adafa pa ngozi ya pamsewu mu 2008, pamene kampani idali itamira kale m'ngongole. Posakhalitsa mafakitale ake opangira magalimoto adatsekedwa, ndipo mu 2015 adagwirizana zogulitsa gawo lalikulu la kampaniyo kwa a Mahindra a ku India. Mdzukulu wina, Paolo, adakhalabe wapampando mpaka imfa yake mu 2024.

Tsono banja limeneli lidasiya choloŵa chanji? Nyumba za ntchito zidatsekedwa, dzina lidapeza mwini wina. Chimene ngongole siidathe kulanda ndi chija mkulu adaika m'manja mwa mng'ono wake, ndi atate m'manja mwa mwana: diso lodziŵa kuona pamene lata lapindika, ndi mtima wodekha pogwira nyundo.

Nafenso tili nao amisiri owongola magalimoto ophwanyika, ena pansi pa mtengo wa mango, nyundo ili m'manja. Ana ao ambiri amaiona ntchitoyi ngati ya anthu olephera sukulu, ndipo ife makolo ndife tidawaphunzitsa kuiona chotero. Tisaiŵale kuti dzina limagulidwa ndi ndalama, koma luso limafa tsiku limene mmisiri wotsiriza waikidwa m'manda asadaphunzitse wina.